Masatifiketi Amene a ku Luchenza Akupempha ku Ndata

Chiyambire chaka cha 2014, pamene sukulu ya ukachenjede ya MUST inatsekula zipata zake ku Ndata, pamunda wa malemu Bingu wa Mutharika, amuna a ku Luchenza, amene kale ankakhutira ndi kuwerenga mabogi a sitima ndi kuweruza milandu ya anzawo pabawo, agwidwa ndi ludzu la mapepala limene ngakhale madzi a Thuchila sangalithetse. Pakuti si chinthu chopiririka kuti mwana wa dzulodzuloli, amene tinamuona akuthamangitsa mkombero wa njinga kumsika, abwere atavala mkanjo ndi chisoti cha ngodya zinayi, pamene ife, amene tinamuphunzitsa kupereka moni, tilibe kanthu kopachika pakhoma kupatula kalendala ya wogulitsa feteleza.

Tsono kunali tsiku lina Loweruka, m'tiyirumu ina yoyandikana ndi njanji, kumene tiyi amathiridwa madzi mowolowa manja ngakhale minda ya Makandi ili pafupi pomwepa, akuluakulu anasonkhana kuti alembere sukuluyo kalata. Mphunzitsi wamkulu wopuma, amene anadzisankha yekha kukhala wapampando pokhala woyamba kufika pampando wokhala ndi chotsamira, anafotokoza kuti masiku ano munthu wa digiri amatha kubwerera kusukulu miyezi yowerengeka nakalandira satifiketi yoonjezera, ndipo kuti maphunziro otere amayamba avomerezedwa ndi akuluakulu a sukulu, kenaka bungwe la NCHE ku Lilongwe limawaunika. "Nanga ife, mabwana anga," anatero, "nzeru zimene tazisenza zaka zonsezi zidzapita kumanda zopanda chidindo?"

Onse anavomera kuti satifiketi yoyamba ikhale ya Kayendetsedwe ka Mwambo wa Maliro, ndipo indetu pa ichi sindikuwatsutsa, pakuti luso limeneli ndi lakuya. Wophunzira adzayenera kudziwa kuyamba ndi mawu akuti "sindilankhula zambiri" nalankhula kufikira mthunzi wa mtengo utasamuka ndipo azimayi a mvano atatha nyimbo zonse za m'buku. Adzadziwa kuwerenga chipepeso mokweza mawu pa dzina la wopereka zikwi zambiri ndi kumeza mawu pa dzina la wopereka nkhuni. Koposa zonse adzadziwa ndondomeko ya nkhata, kuti aitane ndani poyamba pakati pa a khansala, a gulupu, mwini mbumba ndi mlamu wochokera ku Johannesburg amene wagula bokosi, popeza woyendetsa mwambo akalakwitsa apa, maliro amaiwalika ndipo mlandu wake umakambidwa mpaka tsiku lomanga chiliza. Mkulu wa mpingo anapempha kuti pakhalenso phunziro la kuzindikira nyumba imene kukuperekedwa nsima ya nyama popanda kufunsa munthu, koma anamuyankha kuti zimenezo munthu amabadwa nazo.

Oitanira minibasi anatumiza mawu kuti iwonso akumbukiridwe, chifukwa kunena kuti "watsala mmodzi" pamene galimoto ya ku Limbe ili ndi anthu atatu, awiri mwa iwo ali anzako okhalira mipando, ndiwo masamu apamwamba. Izi zinalembedwa mosakangana.

Mkangano unabuka pa satifiketi ya Kukhala pa Misonkhano. Kalaliki wakale wa kuesiteti, munthu amene m'nyumba mwake mwapachikidwa mapepala ochitira umboni kuti anakhalapo pa maphunziro a za edzi, a za mitengo, a za jenda ndi a kaweta ka mbuzi, ngakhale pakhomo pake palibe ndi kamwana ka mbuzi komwe, anati iye sayenera kuphunziranso koma kuphunzitsa, pakuti adziwa kufika nthawi ya zoziziritsa kukhosi itayandikira, kusaina mapepala awiri, la m'mawa ndi la masana, pa nthawi imodzi, ndi kufunsa funso limodzi lalitali loti otsogolera adziwe kuti analipo. Wapampando anati luso limenelo ndi lake. Ananyamukirana, ndipo pakanapanda mkulu wa mpingo kuwakumbutsa kuti mutu umodzi susenza denga, makapu akanasweka.

Apa mayi mwini tiyirumu, amene anathyola tiyi zaka zambiri asanatsekule malowa, anafunsa mwaulemu, atagwada pang'ono, ngati pangakhalenso pepala la amene amadziwa kutenga masamba awiri ndi kansonga ndi manja onse awiri, dengu lili kumsana, mame akunyowetsa chitenje, ndi kudziwa kulemera kwa dengulo kapitawo asanalikoleke pa sikelo. Akuluakulu anayang'anana mwachifundo, ndipo wapampando anamufotokozera mofatsa kuti, "Amayi, zimenezo ndi ntchito chabe, si maphunziro, ife tikukamba za zinthu zofuna mutu." Atatero anapempha kapu ina, pangongole.

Kalatayo inalembedwa ndithu, m'Chingerezi cholemera chimene ngakhale mlembi wake sanachimve chonse. Chinatsala ndi kusaina. Wapampando anafuna kuti dzina lake litsogole, ndi zilembo zonse za maphunziro ake pambuyo. Kalaliki anati kuesiteti wosunga mabuku ndiye amasaina poyamba. Mkulu wa mpingo anatchula za oyamba ndi otsiriza, koma iye mwini sanafune kukhala wotsiriza. Ndipo pamene wa kabaza, amene anaitanidwa kuti atengere kalatayo ku Ndata kudzera ku Goliati, anatchula mtengo wa ulendowo, bwalo lonse linagwirizana, popanda wotsutsa, kuti nkhani yaikulu chotere siyenera kuthamangiridwa, ndipo kuti pakhale kakomiti kakang'ono kokafufuza ngati sukuluyo imapereka alawansi kwa anthu obweretsa maganizo.