Kashedi ka Makala Kamene Kamalipira Lendi

Malinga ndi lamulo la Physical Planning Act la 2016, wofuna kumanga kuseri kwa nyumba yake ku Chimwankhunda ayenera kuyamba wapititsa pulani ku khonsolo ya mzinda wa Blantyre. Ambiri amati n'kuvutitsana chabe: puloti ndi yanga, njerwa ndi zanga, kashediko n'kosungiramo makala, khasu ndi wilibala basi. Mfundoyi ikadamveka mashedi athu akadakhala osakula. Koma kashedi ka mumzinda muno kamamera zenera chaka choyamba, chachiwiri kakoka waya wa ESCOM, chachitatu makala aja asanduka bambo, mayi ndi ana olipira lendi pakutha pa mwezi. Wilibala ikugona panja.

Apa khonsolo ili ndi mfundo. Khasu silipita kuchimbudzi koma alendi amapita, ndipo khoma lomangidwa pangalande limakankhira madzi kwa aneba akumunsi, zomwe okhala m'tsinde mwa phiri la Soche sangazitenge mwachibwana chichitikireni namondwe Freddy mu Malichi 2023. Zoti chilolezo chimachedwa n'zomveka ndithu, khonsolo ifulumire. Kungoti ena pulaniyo amaiopa chifukwa akafunsidwa kuti makalawo akufuniranji bafa.