Ulemu upite kwa kagalimoto kanga ka mipando iwiri

Mlimi wa ku Kasungu akagulitsa fodya ku okushoni ya Chinkhoma amagula malata, ng'ombe kapena njinga yamoto, ndipo amene chaka chamukomera amakatenga pikapu. Ine ndinaitanitsa Mazda Roadster yofiira kuchokera ku Japan, inatsikira padoko la Dar es Salaam n'kulowera pachipata cha Songwe. Onyoza achuluka, choncho ndiloleni ndikayamikire pagulu kagalimoto kameneka.

Si kachabechabe ayi. Kampani ya Mazda ya ku Hiroshima inayamba kupanga mtundu umenewu mu 1989, maiko ena amautchula MX-5, ndipo pofika 2016 inali itapanga magalimoto otere 1 miliyoni. Akatswiri amene anakakonza ankaganiza za misewu yosalala yokhotakhota. Za misewu yafumbi yopita kumaesiteti a fodya sanaiganizireko, ndipo m'pamene pagona ubwino wake wonse.

Kuno galimoto siikhala ya amene anaigula, imakhala ya mudzi. Funsani aliyense wa pikapu. Pakati pa usiku amamugogodera kuti mayi woyembekezera wayamba kumva ululu. Kukagwa maliro, iye ndiye wa nkhuni, wa bokosi, wa matumba a chimanga opita kuchigayo, ndipo pobwerera kumanda amayi a Chigwirizano amadzaza kumbuyo akuimba mpaka masipuling'i kuwerama. Petulo ndi wake, zikomo amalandira mwa apo ndi apo. Ine zonsezo ndinapumula. Abale amabwera, kuzungulira kagalimotoka, kusuzumira mkati, kuwerenga mipando, kenako n'kutsanzika mwaulemu. Malume anga, amene kale sankadutsa pakhomo panga osapempha kanthu, masiku ano amangondiimikira dzanja ali patali.

Kamalemekezanso mwambo. Makolo anatiphunzitsa kuti mkamwini ndi apongozi ake aakazi asamayandikane. Mu minibasi mwambo umenewu unafa kalekale, koma m'kagalimoto kanga apongozi akanati akwere, phewa lawo likanagundana ndi langa kuchokera ku Santhe mpaka pa Boma. Iwo eni anakana, ine sindinawakakamize. Mpando wachiwiriwo ndi wa mayi a kunyumba, pamene ana amapita kutchalitchi wapansi, zomwe a zaumoyo amalimbikitsa. Apolisi apamsewu nawonso sanandiimbepo mlandu wonyamula anthu opyola muyeso.

Za katundu tisataye nthawi. Belo la fodya silingalowe m'buti mwake ngakhale mutalidinda ndi jeke kawiri. Thumba limodzi la feteleza la makilogalamu 50 limalowa, chitseko n'kutseka monyinyirika. Motero ndikupitiriza kulemba ganyu ngolo monga ankachitira bambo anga, ndipo eni ng'ombe m'dera lathu amandipempherera moyo wautali.

Koma phunziro lalikulu ndi kudzichepetsa. Kagalimotoka n'kafupi kwambiri moti polowa umachita kunjuta ngati ukupereka moni kwa a Gulupu. Mimba yake imatsala pang'ono kukhudza pansi. Akuti kamathamanga koopsa, ndipo ndikukhulupirira, kungoti pa makilomita pafupifupi 130 a msewu wa M1 kuchokera ku Lilongwe pali mahampu, mbuzi, akabaza ndi malole a mabelo opita ku Kanengo. Hampu iliyonse ndimaikwera chopingasa, tayala limodzilimodzi, uku ana ogulitsa mandasi akundiwongolera ndi manja. Nthawi zina wakabaza amandipitirira atanyamula munthu ndi nkhuku, n'kundifunsa ngati ndikufuna thandizo. Ndi galimoto iti ina imene ingakupezereni abwenzi chotere?

Denga lake ndi lansalu, lopindika. Mu Okutobala, minda ili mbee, ndimalitsegula kuti ndipitidwe mphepo, ndipo ndimafika kunyumba tsitsi, nsidze ndi mano zili zofiira ndi dothi lakwathu. Kukonda dziko lako kumafunika kuzionekera. Mvula ikayamba mu Disembala, kagalimotoka kamapuma m'chigafa mpaka Malichi, pokhala kamakoka ndi matayala akumbuyo okha ndipo matope sikagwirizana nawo. Kakatitimira, ng'ombe ziwiri zimakwanira kukazula, chifukwa kamangolemera pafupifupi tani imodzi. Lole ikatitimira pamafunika thalakitala.

Ena amati kamadya ndalama. Bodza. Petulo atasowa mu 2022, ine sindinagone pamzere nthawi zambiri, poti kagalimotoka kanali kale pamiyala kudikira sipeya. Makaniko wanga atakatsegula koyamba anavula chipewa n'kunena kuti, "Bwana, iyi ndiye tiphunzirira pomwepa." Akuphunzirabe, ndipo fizi ndikulipira ndine. Sipeya wake sapezeka m'mashopu a pa Boma, amachita kuitanitsa kunja, ndiye kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mtengo wa kachitsulo kalikonse unakwera, kutanthauza kuti chuma changa chinakula kagalimotoko kali chiimire. Mbava nazo sizikayandikira: zikaba, zikagulitsa kwa yani?

Chinthu chabwino chotere si bwino munthu mmodzi kuchiumirira. Alimi anzanga, msika ukatsegulidwa mu Epulo musathamangire kukaziziritsa fodya kumalo omwera. Bwerani mudzakaone, mtengo tidzakambirana. Pobwera mutenge ng'ombe ziwiri ndi chingwe cholimba.