Msonkho Wopanda Lisiti

Kuyambira 2022, kumapeto kwa mwezi uliwonse ife eni magalimoto timatchera khutu kuti timve mtengo watsopano wa petulo kuchokera ku Energy Regulation Board. Ukatsika timamwetulira, ukakwera timatukwana chamumtima. M'kati mwa lita iliyonse muli kamsonkho kamene amati n'ka misewu, ndipo ndimalipira. Ku RTSA ndimalipiranso msonkho wa msewu n'kumata kapepala pagalasi. Ndikamapita ku Lusaka, mtunda wosakwana makilomita 50 kuchokera kuno ku Kafue, pa geti ya msonkho ya ku Shimabala ndimatsitsa galasi n'kupereka K20, pobwerera chimodzimodzi. Misonkho itatu yonseyi ili ndi lisiti, ndipo ine monga nzika yomvera malamulo sindiwiringula. Chandikwiyitsa sabata ino ndi makaniko wanga, amene wandiuza kuti mashoko akwera mtengo. Ukutu n'kukweza msonkho wachinayi, umene sunadutse ku nyumba ya malamulo. Wokhometsa wake ndi kamsewu kopita kwa apongozi anga mbali ya ku Chanyanya, ndipo iye ndalama salandira. Amafuna zitsulo.

Galimoto yanga ndi Toyota Vitz, kapena ndinene kuti inali Vitz pamene inkatsika sitima ku Dar es Salaam n'kulowera pa Nakonde. Kwawo ku Japan kagalimoto aka kanaleredwa pa phula. Kuchokera pansi kufika pamimba pake pali masentimita ngati 14 basi, kutanthauza kuti mwala umene mwana angaunyamule ndi dzanja limodzi ndi phiri kwa iko. Ndinakagula kuti ndiziyendera mu Kafue Estates ndi ku Shikoswe, anthu azindiona. Sindinawerengere zoti ndinakwatira kudambo.

Kamsewu kathu kali ndi maofesi awiri. Ofesi ya chilimwe imatsegulidwa dothi likauma. Matayala a magalimoto othamanga amasanja miyala ndi fumbi m'timizere topingasa, msewu wonse n'kukhala ngati lata la padenga. Akatswiri a pamalo omwera amagawanika pawiri. Ena amati uziyenda pang'onopang'ono kuti ulowe ndi kutuluka m'kamzere kalikonse mwaulemu. Ena amati uponde moto kuti matayala azingopsompsona nsonga zake. Ndayesa nzeru zonse ziwiri. Ukayenda pang'ono mabawuti amamasuka limodzilimodzi, ukathamanga amamasuka onse pamodzi, chiwongolero n'kuleka kukumvera. Kusiyana kwake n'kwakuti kwina ukulipira pang'onopang'ono, kwina ukulipira kamodzi.

Ofesi ya dzinja ndiye likulu. Dothi la m'madambo a mtsinje wa Kafue ndi makande, lakuda, lomata. Likauma limang'aluka, likanyowa limagwira tayala mpaka muiwale kuti munali paulendo. Kumeneko ndinasiya bampa yakutsogolo. Ekizozi inatsala pa kalavati wina wogumuka, ndipo kuyambira pamenepo agalu a m'mudzimo amadziwa kuti ndikubwera ndisanakhote n'komwe. Sampu inabooka pamwala wobisala m'chithaphwi, oyilo yense n'kupita kukathira m'munda wa eni. Nambala yakutsogolo ndinaipeza mwezi wotsatira itakhomedwa pachitseko cha khola la mbuzi. Mwini khola anandilonjera bwinobwino, nati mbuzi zake tsopano ndi zolembetsa kuboma.

Apongozi anga aamuna salankhula zambiri ndi ine, monga mwa mwambo. Ndikangofika amayang'ana kumbali, n'kufunsa mwana wawo kuti, "Afika nayo yonse?" Amayi a kunyumba amayankha kuti, "Yambiri yafika, bambo." Kenako amatumidwa mwana kukatola zotsala.

Poti nthawi yoima pambali pa msewu ndili nayo yochuluka, ndafufuza mmene anzanga amakhomeredwa. Pali tsankho. Minibasi ya Hiace ndi yochenjera, phula likatha nayonso imatha, kondakitala amangoti, "Apa ndiye pomaliza, makolo." Noah ndi Spacio zimalowa ndithu, zitanyamula anthu oposa mipando, ndipo zimalipira ndi masipuling'i. Zikamabwerera zimayenda chopendekeka, mbali imodzi ikupempha chikhululukiro. Koma pali Corolla ina yakalekale imene ndimaichitira nsanje. Chilichonse chimene chikanatha kugwa chinagwa kale. Chitseko amamanga ndi lekeni, galasi lakumbuyo ndi pulasitiki. Imeneyo inamaliza ngongole yake, msewu ukaiona umangoikweza dzanja kuti idutse. Mwini wake amandiuza kuti, "Mdala, pirirani, yanunso ifika pamenepa." Amanena mondilimbitsa mtima.

Canter ndi bwana wa malonda. Matayala anayi kumbuyo, matumba a chimanga, makala, madengu a nsomba, anthu pamwamba. Ikalemedwa m'pamene imagwira bwino dothi. Koma Canter salipira yekha msonkho, amasonkhetsa okwera. Wina apereka msana, wina matako, wina dzino loluma lilime. Ikatitimira onse amatsika kukakankha galimoto imene alipira kuti iwanyamule, ndipo palibe amene amabwezeredwa chenje.

Chimene chimanditonthoza ndi bokosibode yaikulu yopanda katundu, ija yokoka ndi matayala akumbuyo okha. Mwini wake amandidutsa atakweza mphuno, koma pamatope matayala aja alibe cholemera chowapanikiza, ndiye amangozungulira malo amodzi akuponya makande kumwamba. Kanga kamakoka ndi akutsogolo, pamene injini yakhalira, choncho nthawi zina kamakwawa n'kudutsa. Tsiku limenelo ndimaimba hutala kawiri. Inde, hutala ikadalipo, msewu sunaipezebe.

Njinga yamoto imadutsa m'mphepete, m'kanjira ka mbuzi, ndipo msonkho wake ndi buluku ndi khungu la pabondo. Njinga ya Buffalo, imene kaliyala yake inapangidwa kuti izinyamula makilogalamu 100, ikafika pamakande imasinthana ndi mwini wake, iye ndiye amainyamula. Ngolo yokha ndiyo ili paubale ndi wokhometsa msonkho. Ng'ombe ziwiri, palibe petulo, palibe sampu. Mwini ngolo ndi amene amandikoka ndikatitimira, pamtengo wokambirana ine ndili m'matope ofika m'mawondo, pamene munthu sanenerera. Ndiye taonani matayala a ngoloyo ndi chitsulo chake chapakati, zonse zinachokera ku galimoto ina imene inafera m'njira yomweyi. Tsiku lina atandikoka anazungulira kumbuyo kwa Vitz, nagwada, nayeza ndi chikhatho. Anati, "Achimwene, mukadzatopa nayo musakagulitse kutali."

Tsopano pali mtundu umodzi umene sulipira chilichonse. Land Cruiser yoyera, mimba yake pamwamba masentimita oposa 20, matayala onse anayi akukoka, magalasi otseka, mphepo yozizira m'kati. Imadutsa pa timizere tija osadziwa kuti tilipo, imadutsa pamakande n'kutisiyira mikwasa yakuya imene kanga kamakhalira pamimba matayala ali lende. M'menemo ndi mmene mumakwera anthu obwera kudzayendera msewu. Akabwerera kuofesi n'kulemba kuti msewu ukudutsika, sananame. Kwa iwo unadutsika.

Za misewu tamva zambiri. Mu 2012 a Michael Sata anakhazikitsa ntchito yomanga misewu ya Link Zambia 8000, ndipo ndinawerengera kuti pa makilomita 8,000 sipangalephere kugwa khumi okha kwa apongozi anga. Mu 2022 ndalama zachitukuko za CDF zinadumpha kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, ndipo makhonsolo ambiri anagula magiredala. Giredala ikadutsa timavina ndithu. Koma msewu wadothi umakhala ndi moyo chifukwa cha msana wake wotukuka pakati, ngalande m'mbali ndi makalavati otseguka, kuti madzi achoke msanga. Ukangoupala pamwamba n'kuusiya uli fulati, mvula yoyamba imausandutsa mtsinje, yachiwiri imakumba.

Ine bampa ndigula ina, ndipo ndikalephera ndiyenda wopanda. Koma ndinaona mayi wodwala atagonekedwa pamphasa m'ngolo, azimayi anzake atamutchinga ndi chitenje, akulowera ku chipatala cha ku Kafue pa liwiro la ng'ombe, chifukwa palibe woyendetsa galimoto anavomera kulowa usiku umenewo. Msodzi amagulitsa nsomba pamtengo umene wogula wanena, chifukwa galimoto yafika imodzi yokha ndipo nsomba sidikira mawa. Amenewo ndiwo akulipira msonkho wachinayi wonse, ndipo ambiri mwa iwo alibe ngakhale njinga. Aliyense wosaina pepala lakuti msewu wakumudzi watha kukonzedwa ayenera kuyamba wauyenda mu February, pa galimoto yaing'ono, yakeyake. Yanga ndikhoza kubwereketsa, imene yatsalayo.

Amayi a kunyumba akuti ndigulitse Vitz tigule ng'ombe. Ndawauza kuti sindingagulitse chuma chimene chikukula. Anyamata a m'njira muja amatola zitsulo n'kugulitsa kwa ogula zitsulo zakutha, ndipo kuno ku Kafue tili ndi fakitale ya Kafue Steel imene imasungunula zoterezi n'kupanga zitsulo zomangira nyumba. Ndiye kuti ekizozi yanga panopa ili m'chipilala cha nyumba ina yosanja ku Lusaka, mwina ya bwana yemwe uja wa magalasi otseka. Loweruka ndikupita kukaifunafuna kuti tikambirane za lendi. Ndikwera minibasi.