Kuzonda a Okidi

Pa Likhubula alendo tinawazolowera. Amatsika galimoto pafupi ndi ofesi ya zankhalango, zinsapato kuphazi, n'kufunsa njira ya ku Chambe. Pakapita masiku atatu amatsika akutsimphina, n'kugula ndodo yosema imene anayenera kuigula pokwera. Mlendo ndi mame, timatero. Koma mlendo amene anafika kwa azakhali anga mwezi wa Epulo sanakamuke ndi dzuwa. Anabwera pa kabaza atafukatiridwa ngati khanda, ndipo mpaka lero akadali pabalaza.

Linali duwa. Msuweni wanga analigula m'sitolo ina mu Blantyre, koma pofika pa Chitakale linali litasanduka la ku Joni, ndipo mmene nkhani inkafika pampopi n'kuti litakwera kale ndege. Pakapepala kobaya mumphika panalembedwa kuti Phalaenopsis. Azakhali anayesa kawiri kulitchula, lilime n'kuwakana. Anagwirizana ndi banja lonse kuti azingoti a Okidi, ndi ulemu wake womwe, pakuti chinthu chogulidwa pamtengo wa thumba la chimanga sungachiitane dzina ngati mwana wa eni.

A Okidi anapatsidwa malo pakabati, pambali pa mbale zaukwati zija zimene sizinalaweko nsima chigulireni. Kenako kunamveka kuti amafuna kuwala koma dzuwa lisawaombe, ndiye anasamukira pazenera lakummawa. Apo n'kuti pali mpando wa amalume, amuna awo a azakhali, pamene ankamvera wailesi zaka makumi awiri. Mpando unapita kukhonde, eni ake n'kuulondola.

Anthu anayamba kudutsa. Wina kudzabwereka mchere, wina kudzafunsa ngati magetsi azima kuno komwe, maso ali pazenera. Chimene chinawadabwitsa onse n'chakuti mumphikamo munalibe dothi. Munali makungwa okhaokha, mizu yonenepa itatulukira kunja ngati zala za munthu wofuna kuthawa m'ndende.

"Ndalama zonsezo osakuikirani ndi dothi lomwe?" anafunsa mayi wina, mwachisoni chooneka kuti chikumukoma.

Azakhali anayankha kuti maluwa apamwamba sagona pansi. Mwangozi ananena zoona. Kwawo kwa duwali, m'nkhalango za ku Philippines ndi Indonesia, limamera chokakamira pamitengo, ndipo ukalikwirira m'dothi la kudimba mizu imawola.

Mavuto anabwera ndi chiperoni cha mu Juni, mazenera atatsekedwa usana ndi usiku. M'khwapa mwa masamba munayamba kuoneka timathonje toyera. Masamba anayamba kumata ngati patebulo pamene mwana watayira shuga. Nyerere zinatsegula msewu kuchokera pakhomo, kukwera mwendo wa tebulo, mpaka mumphika, zopita mbali iyi zobwerera mbali inayo, mwadongosolo loposa la minibasi za pa Chitakale.

Tizilombo ta m'nyumba tili ngati ngongole. Aliyense ali nato, koma wovomera palibe. Nsikidzi kwathu kuno sizibadwira m'nyumba ya munthu. Zimabwera ndi mwana wochokera kusukulu yogonera konko, kapena ndi apongozi. Motero kwa sabata yathunthu azakhali ankati timathonjeto tachoka m'pilo. Koma mtsikana wowathandiza ntchito anapita kukatunga madzi Lachiwiri mmawa, ndipo dzuwa lisanapendeke kunamveka "Odi!" woyamba.

"Tamva kuti kuno sikunadzuke bwino."

Mwambo wozonda wodwala unatsatidwa wonse. Kuvula nsapato pakhomo, kupereka moni kwa mmodzimmodzi, kukhala chete pang'ono, kuyang'ana wodwalayo, kupukusa mutu. "Pepani, mayi. Zinayamba liti?" Kenako tiyi. Masamba a tiyi ku Mulanje savuta, minda yake tikuiona ndi maso. Chimene chinavulala sabata imeneyo ndi shuga.

Tsono Mmalawi sazonda wodwala chimanjamanja. Akapanda kubwera ndi nthochi, amabwera ndi mankhwala a pakamwa. Abambo a pagolosale anati chilichonse chokwawa mdani wake ndi mmodzi, mankhwala opopera udzudzu a m'chitini aja, ndipo mwamwayi anali nawo pashelefu. Azakhali anapopera tsamba limodzi madzulo. Kutacha tsambalo linali ndi chipsera ngati lapsa ndi simbi, timathonje tili phee m'malo mwake, amalume atatsokomola usiku wonse.

Wina anati Actellic. Ngati amateteza chimanga m'thumba miyezi ingapo, angalephere kaduwa kamodzi? Wina anati palafini. Wina anati fodya wonyika m'madzi, osadziwa kuti madzi amenewo ndi ululu kwa munthu yemwe, ndiponso fodya amatha kusenza matenda ake n'kupatsira mbewu zina. Mlimi wa tomato wa kutsidya anabwera ndi botolo lopanda dzina, m'mene anasakanizamo mankhwala mitundu itatu, muyeso wake kachivindikiro. Atalitsegula, mphaka anatuluka m'nyumba.

"Mwamva fungolo? Ndiye mphamvu yaketu imeneyo."

Apa ndiye pagona chikhulupiriro chathu. Mankhwala osanunkha, osawawa, osaluma m'maso, ife timawayesa madzi. Ndife omwe timabwerera kuchipatala tikudandaula kuti adokotala sanatithandize chifukwa atipatsa mapiritsi m'malo mwa jakisoni. Moti bambo wina atanong'ona kuti akudziwa kopeza tameki, anthu anagwedeza mitu mwaulemu ngati watchula dzina la nduna. Tameki, timibulu takuda tija tapamsika, ndi chiphe chotchedwa aldicarb, ndipo pang'ono chabe amapha galu, mwinanso mwana. Ameneyo ndiye ankafuna kumuika mumphika, pabalaza pokwawa adzukulu.

Panalinso a mbali yauzimu. Mayi wina wa kumpingo anati tiweramitse mitu. Mayi yemweyo, potsanzika pakhomo, anatsitsa mawu nati anthu sakondwa, ndipo akudziwa munthu wina cha ku Phalombe amene amaona patali. Azakhali anayamba kuwerenga pamtima onse amene analiyang'ana duwalo nthawi yaitali. Mndandanda unakwana mudzi wonse.

Amene anathetsa nkhaniyi sanaitanidwe. Ndi mkulu wina amene wakalambira m'phirimu, kunyamula zikwama za alendo mpaka ku Sapitwa, pamtunda wa mamita 3,002, ndipo pakati pake anagwirako ntchito kunazale ya mitengo. Anabwera kudzatenga ndalama yake ya mpanda umene anamanga. Monga mwa khalidwe lathu, munthu wodzatenga ndalama yake amapatsidwa mpando pakhonde, wodzamwa tiyi waulere ndiye amalowa pasofa. Anamva phokosolo ali panja ndi amalume, n'kupempha kuti aone nawo.

Anathyola kaudzu, n'kukanda thonje limodzi. Pansi pake panatuluka kachilombo kofewa, kotuwira, kochepa kuposa njere ya mpunga, kakusuntha mwaulesi.

"Amayi, awa ndi kodikodi. Si ufiti ayi. Abale awo ndi omwe amafooketsa nanazi m'minda umu."

Anafotokoza modekha, anthu atakhala chete chifukwa chosowa pomutsutsira. Tizilomboti timayamwa madzi a mbewu. Choyeracho ndi phula limene timadzifunditsa, n'chifukwa chake madzi wamba amangotsetsereka ngati pa nthenga ya bakha. Zomata zija ndi zimene timatulutsa tikakhuta, zotsekemera, ndipo nyerere zimatiweta ngati ng'ombe, kutiteteza kwa adani ndi kutisamutsira msipu watsopano. Mtundu wina wa kodikodi ndi umene unawononga chinangwa ku Nkhata Bay m'zaka za m'ma 1980, anthu n'kugona ndi njala. Chimene chinaugonjetsa si mankhwala onunkha, koma kamavu kakang'ono kochokera ku South America kamene kamaikira mazira m'thupi mwa kachilomboko. Anakumbutsanso za nsabwe zimene zinapezeka m'dziko muno mu 1986 zikuumitsa mitengo ya mtundu wa mkungudza, kuphatikizapo wa m'phiri lathu lomweli. Phiri lonse ungalipopere ndi chitini?

Azakhali anafunsa kogula kamavuko. Mkuluyo anati kwa duwa limodzi safunika mavu. Agule sipiriti kufamase, yoyera yopukutira pabala ija. Akulunge thonje kukamtengo ka machesi, anyike, n'kumakhudza kachilombo kamodzikamodzi, m'khwapa mwa tsamba, kunsi kwake, m'mphepete mwa mphika. Sipiriti imasungunula phula lija. Akatero asungunule kasupuni kamodzi ka sopo wamadzi wotsukira mbale mu lita imodzi ya madzi, osati sopo waufa wochapira, apukute masamba mmawa pamthunzi, ayambe ayesa tsamba limodzi. Madzi asatsalire pamtima pa duwa pamene masamba amakumana, chifukwa pamawola. Atseke msewu wa nyerere. Ndipo abwereze sabata ndi sabata kwa mwezi ndi theka, pakuti mazira amabisala m'thonje ndi m'makungwa, n'kumaswa pamene iwe wayamba kuimba nyimbo yachipambano. Zikakanika, achotse makungwa onse, atsuke mizu, aike atsopano.

Pabalaza panagwa bata la pamaliro.

"Basi?" anatero azakhali. "Sopo wa mbale?"

Nkhope yawo inali ya munthu amene wapita ndi bwana kuchipatala cholipira n'kuuzidwa kuti akamwe madzi ambiri. Duwa la ku Joni lichire ndi zotsukira mapoto a nyemba! Amalume, amene sanalankhulepo chiyambire Epulo, anasuzumira pazenera n'kufunsa ngati kachasu sangagwire ntchito ya sipiritiyo, ndipo anadzipereka kukamufuna okha, ngakhale kukhale kutali. Sanayankhidwe.

Chovuta chenicheni chinali chisanabwere. Mkulu uja anati kodikodi sagwa kumwamba, tiyeni tione maluwa ena. Anatembenuza masamba a kachitsamba kamawangamawanga kamene kanali pakona, ndipo kunsi kwake kunali mbuu, ngati munda wa thonje wa ku Chikwawa. Kachitsambako kanali mphatso yochokera kwa amayi apampando a banki m'khonde, amene pa nthawiyo anali pasofa pomwepo, kapu ili m'manja, ndipo azakhali anali atangolembetsa ngongole.

Palibe amene anaona kanthu. Azakhali anayamikira mitundu ya masamba ake. Amayi apampando anati n'zoona, mbewu yake njosowa. Mkulu uja anatsegula pakamwa, amalume n'kumukoka malaya.

Kuyambira tsiku limenelo kachitsambako kamakhala kuseri kwa khitchini, kutali ndi wodwala, monga mwa malangizo. Koma pakangomveka mawu a amayi apampando kumsewu, mtsikana uja amathamanga nako kudzera khomo lakumbuyo n'kukakhazika pakona pake, kodikodi ndi nyerere zake zomwe. Akachoka, kabwerere. Ine ndikuganiza kuti n'chifukwa chake mwezi ndi theka uja unasanduka miyezi itatu.

Mkati mwa matendawa munabweranso alamu athu ena a ku Mzimba. Atamva kuti duwalo ndi okidi, anaseka mpaka kugwira m'mimba. Anati kwawo zimenezi amadya. Amakumba timbatata ta maluwa a mtundu womwewu m'madambo, kusinja, kuphika ndi nsinjiro ndi chidulo, n'kutuluka chinaka, chimene ena amati chikande, ndipo ku Zambia amachigulitsa m'misewu chodulidwa ngati buledi. Asanaletsedwe anali atapisa kale chala mumphika kufufuza kambatata. Anapeza makungwa.

Mkulu wa kuphiri uja, amene tsopano ankabwera Loweruka lililonse kudzayendera wodwala komanso kukumbutsa za mpanda, anavomereza. M'Malawi muno muli mitundu ya okidi yoposa 400, ndipo ku Nyika kokha iliko yoposa 200. Pamwamba pathu pomwepa, nyengo ya dzinja, imachita maluwa m'maudzu a ku Chambe ndi ku Lichenya, ina itakakamira pamitengo m'zigwa. Anyamata onyamula katundu amaidutsa osacheuka, pamene mzungu wagwada m'matope akuijambula. Anachenjeza kuti wina asatengeke n'kukazula. Phirili ndi nkhalango yotetezedwa chiyambire 1927, ndipo duwa lozolowera nkhungu ya kumtunda likatsikira pabalaza limangofa.

Azakhali anamvetsera zonsezo milomo itasongoka. Anati mwina n'zoona kuti kuphiri kuli timaluwa tofananako, koma a Okidi alibe abale kumudzi. Ndinawamvetsa. Tonse tili naye m'bale wa m'tauni amene ukakumana naye pa Limbe amakupatsa moni wachingerezi.

Pofika Seputembala timathonje tinatha. Tsamba latsopano linatuluka, lonyezimira ngati lapakidwa mafuta. Usiku uliwonse wa Lachisanu azakhali ankatseka makatani, kuvala magalasi, n'kuyamba kusaka ndi kamtengo ka machesi, tochi ili m'manja mwa amalume. Masana, anthu akafunsa chimene chachiritsa, ankaloza pakabati. Pamenepo, pakati pa mbale zaukwati, pali kabotolo kokongola ka mafuta onunkhira kamene kanatha kalekale, zolemba zake za Chifalansa. Sipiriti ya kufamase ija anaithira m'menemo.

"Anatumiza mwana. Kuno sapezeka."

Tsopano amayi a maluwa a m'dera lonse amabwera ndi timabotolo tawo, ndipo azakhali amawayezera kasupuni kamodzikamodzi, nkhope ili yachifundo. Onse akuchitira umboni kuti mankhwala akunja ndi ena. Amayi apampando nawonso atumiza uthenga kuti abwera Lachitatu kudzapempha pang'ono, chifukwa maluwa awo agwidwa ndi timathonje toyera, ndipo akukayikira kuti anatitengera m'nyumba ina imene sakufuna kuitchula. Mtsikana uja wauzidwa kale kuti Lachitatulo asapite kumpopi, akhale tcheru kukhomo lakumbuyo. Ndalama ya mpanda akuti ionekanso mwezi wamawa.