Madola a pa Kapinga

Matenda a kapinga oyamba ndi fangasi amabuka zinthu zitatu zikakumana: udzu wofooka, fangasi mwini wakeyo, ndi nyengo yomukomera. Fangasi sachita kuitanidwa. Amakhala kale m'dothi ndi m'zinyalala za udzu wakufa, kudikira tsiku lake. Udzu wofooka nawo susowa. Chotsala ndi nyengo, ndipo apa mwini bwalo amathandizapo ndi manja ake awiri. Chitsanzo cha m'phunziro lino ndi bwalo la mlembi wa danga lino, la mamita 6 m'litali ndi 4 m'lifupi, limene anadzalapo kapinga kuti odutsa pamsewu aziti pakhomopo pali ndalama.

Pa zomukomera fangasi, choyamba ndi chinyezi. Tsamba louma fangasi amalilephera, koma likakhala lonyowa maola oposa 10 osaumako, iye amamera n'kuliboola. Mvumbi wa mu Januwale ndi Febuluwale, mame ochedwa kuuma ndi chifunga zimamukonzera njira. N'chifukwa chake akatswiri amati kapinga azithiriridwa m'mamawa kuti dzuwa likatuluka liumitse masamba, ndipo madzi azikhala olowa pansi, pafupifupi mamilimita 25 pa sabata, osati kuwazawaza tsiku ndi tsiku. Akatswiriwo amayesa kuti mpopi umamvera mwini wake. Kwa mlembiyu madzi amafika cha m'ma 11 koloko usiku, atayamba atsokomola, n'kuchoka tambala asanalire ngati munthu wothawa ngongole. Bilu yokha ndiyo imabwera dzuwa likuswa mtengo, ndipo ya mwezi watha inabwera itanenepa. Motero iye amathirira usiku, atavala kabudula, foni yowunikira ataluma kukamwa, ndipo udzu umagona wonyowa mpaka mbandakucha.

Chachiwiri ndi kutentha pamodzi ndi chakudya cha m'nthaka, ndipo apa matendawa amasankha anthu. A brown patch, oyamba ndi Rhizoctonia solani, amakonda usiku wofunda kuposa madigiri 20 ndi udzu wokhuta Urea, wa masamba ofewa. Amasiya zigamba zofiirira zozungulira, zina zofika mita. Amenewa ndi matenda a kuseri kwa mipanda yamagetsi. A Pythium amadikira masana otentha kuposa madigiri 30 pamalo podikha madzi, ndipo tsiku limodzi kapena awiri amawakwanira kupululira udzu.

Kapinga wanjala ali ndi matenda akeake, otchedwa dollar spot. Dzinali linachokera ku America, chifukwa pa udzu wometedwa mwaufupi timawanga take timalingana ndi ndalama yasiliva ya dola imodzi. Fangasi wake, amene kuyambira 2018 asayansi amamutcha Clarireedia, amasangalala kutentha kukakhala pakati pa madigiri 15 ndi 30, mame ali ambiri, dothi lili louma, ndipo nayitrojeni akusowa. M'mamawa pamaoneka ulusi woyera ngati wa kangaude, kenako mawanga otuwa ngati udzu wofolerera nyumba. Kapinga wa mlembiyu analawa Urea komaliza Kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, choncho matendawa anamupeza ali chile.

Atauzidwa dzina la matendawo, mlembiyu anawerenga mawangawo n'kupeza 63. M'moyo wake wonse anali asanakhalepo ndi madola ochuluka chonchi, ndipo tsikulo anapita kuntchito akuyenda ngati wamalonda wochokera ku Dubai. Madola ake ali ndi ubwino wake. Sanawaimire pamzere kubanki, sanalembe fomu, sanaonetse pasipoti kapena tikiti ya ndege. Amabereka okha usiku, mawanga akamakumana n'kukhala chigamba chimodzi, chinthu chimene akaunti yake sinachitepo. Akuba sawafuna. Vuto ndi kusintha basi: anyamata a madola a pamsewu anamvetsera nkhaniyo mwaulemu, mmodzi n'kufunsa ngati abwanawo anadya m'mawa. Mayi a kunyumba nawo anapereka ndemanga yawo ali pakhonde: "Abambo, mukatsukuluza madola anuwo mundigaireko awiri, mafuta ophikira atha."

Chachitatu ndi dothi. Makande ndi katondo woumbika salola madzi kulowa, mizu imasowa mpweya, ndipo pamwamba pamakhala chinyontho masiku ambiri. Dothi limaumbika ndi mapazi, ndi mpira wa ana, komanso ndi galimoto. Mlembiyu alibe galimoto, koma alamu ake ali nayo, ndipo amaimika pamadola penipeni. Udzu wakufa ukaunjikana pansi kupitirira sentimita imodzi ndi theka umasunga madzi ngati chinkhupule. Mthunzi wa mtengo wa mango umachedwetsa mame kuuma, mpanda wa njerwa umatseka mphepo, ndipo chikwakwa chobuntha chimang'amba masamba m'malo mowadula, n'kusiya zilonda zolowerapo fangasi. Pamene omanga nyumba anakwirira chitsa pamamera bowa mozungulira ngati bwalo la gule. Ameneyu si wa ndiwo, ngakhale mwezi utafika pa 25.

Mankhwala opopera alipo, feteleza aliponso, koma zonse zimachokera kunja ndipo zimagulidwa ndi madola enieni. Kapinga akachita chikasu palibe amene amagona ndi njala. Koma nayitrojeni amene akusowa pabwalo la mlembiyu ndi yemweyo amene akusowa m'munda wa mayi ake kumudzi, kumene chimanga chimachita chikasu chisanafike m'chiuno, thumba limodzi la Urea litaposa zimene gogoyo amapeza akagulitsa mbuzi. Amene chaka ndi chaka amalonjeza kuti feteleza afika mvula isanagwe sanayambe apimapo ufa ndi kapu kuti ufike mu Malichi.

Kuchiza kotsika mtengo kumayamba ndi kuchotsa zimene fangasi amakonda. Dothi loumbika libooledwe ndi foloko ya m'munda, mabowo a masentimita 10, n'kuthiramo mchenga ndi manyowa owola bwino. Udzu wakufa upalidwe ndi reki. Nthambi za mango ziphatulidwe, chikwakwa chinoledwe, ndipo potchetcha pasachoke kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu a msinkhu wa udzu. Mame a m'mawa amayoyoledwa pokoka paipi kapena chingwe pamwamba pa kapinga, monga amachitira osamalira mabwalo a gofu. Paipi ya mlembiyu ntchitoyi imaigwira bwino, poti nthawi imeneyo mumakhala mulibe madzi. Pa sabata zitatu madola ake atsika kuchoka pa 63 kufika pa 40, ndipo mayi a kunyumba akuti aka n'koyamba kumva kuti dola yatsika.