Tiivulire chipewa galimoto yokana kulira

Pa zinthu zonse zimene anthu a m'tauni amatukwana m'mawa, palibe chimene chimalakwiridwa kuposa galimoto imene inagona bwinobwino dzulo koma lero yakana kulira. Mwini wake amamenya chiwongolero, amaitchula mayina oti ana asamve, ena mpaka amaloza chala azakhali akumudzi. Ine ndabwera kudzaiyimira pa mlanduwu, ndipo ndikuti galimoto yotere ndi yofunika ulemu.

Ulemu woyamba ndi wa kunena zoona. Galimoto yoyenda ndi yachinyengo: imabisa matenda, n'kukakutulani pakati pa Ntcheu ndi Balaka dzuwa litalowa. Yokana kulira imakuuzani muli pakhomo panu, tiyi akadali wotentha, ndipo siinena mophiphiritsa. Mukapotoza kiyi n'kungoti zii, nyali za pa dashboard osayaka, ikukuuzani kuti batire latheratu kapena waya wamasuka pamutu pa batirelo. Ikamati tchetchetchetche mofulumira, nyali zikuphethira, ndiye kuti moto ulipo woyatsira wailesi koma wosakwana kutembenuza injini. Ikati tcha kamodzi kokha, nyali zili ngwee, kaoneni sitata. Ikamatembenuka ndithu koma osagwira, batire lilibe mlandu. Funsani mafuta kapena mapulagi. Tcherani khutu kumbuyo mukangotsegula kiyi: pampu ya petulo imang'ung'udza kamphindi, ndipo ikakhala chete, mwina ndi fyuzi chabe. Ndi wantchito uti kwanuko amene amafotokoza chifukwa chojombera momveka chotere?

Tisaiwalenso kuti kuliza galimoto ndi zala ziwiri ndi ulesi wa dzulodzulo. Cadillac ya 1912 ndiyo inabweretsa sitata ya magetsi ya Charles Kettering. Kale munthu ankaima kutsogolo n'kupukusa injini ndi chitsulo, ndipo injini ikabweza, dzanja limathyoka. Chibwerereni sitata, madalaivala anayamba kumera mimba. Galimoto yokana kulira ndi yokhayo imene ikuyesetsa kubwezeretsa thukuta pa ntchito yoyendetsa, ndipo siilipiritsa ngati malo olimbitsira thupi aja.

Koma ntchito yake yaikulu ndi yoyanjanitsa anthu. Pali abwana ena amene chigulireni galimoto moni anamuiwala. Amadutsa magalasi atatseka, nyengo ya mvula amawaza matope amayi ogulitsa mandasi, mlonda amangomulizira hutala. Abusa alalikira za kudzichepetsa mpaka mawu kusasa, osaphula kanthu. Batire likangofooka, tsiku lomwelo mlonda uja wasanduka "achimwene", anyamata a kabaza ndi "mabwana anga", ndipo munthu amene sankadziwa dzina la woyandikana naye akufunsa za umoyo wa ana mmodzimmodzi. Kenako onse mapewa pagalimoto: giya yachiwiri, phazi pa kilatchi, "kankhani, kankhani!", woyendetsa n'kuchotsa phazi mwadzidzidzi, galimoto n'kudzidzimuka, utsi tolo. Okankha amatsala akuwomba m'manja ngati timu yawo yachinya, ndipo ka sopo kamatuluka m'thumba limene linali lisanatsegukepo.

Ena adzati mwambo wokankhawu ukutha. N'zoona, chifukwa ma Vitz, ma Passo ndi ma Sienta ambiri amene amachokera ku Japan, kutsikira pa Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, ndi a otomatiki, ndipo otomatiki ngakhale mutaikankha kuchokera pa Zomba mpaka pa Liwonde siingalire. Komatu apa ndiye pamene nzeru za galimoto yathu zikuonekera. M'malo mwa anthu odutsa m'njira, tsopano ikukutumizani kwa munthu mmodzi weniweni: mnzanu wa kuseri kwa mpanda, yemwe munakangana naye chaka chatha pa nkhani ya nkhuku zofukula mbewu, poti ndiye yekha ali ndi nthambo zojampira. Mumagogoda, mumapepesa za nkhuku zija, iye amabweretsa galimoto yake mphuno ndi mphuno ndi yanu. Yofiira pa + ya batire lakufa, mbali inayo pa + ya lamoyo; yakuda pa − ya lamoyo, ndipo yomaliza pa chitsulo cha injini yakufayo, kutali ndi batire, kuopa kuti kamoto kangayatse mpweya umene batire limatulutsa. Mkangano umene nyakwawa inalephera kuuthetsa watha ndi mawaya awiri.

Nanga sukulu imene imatsegula? Ingotsegulani boneti pamsika wa Limbe muone. Pasanathe nthawi mwazunguliridwa ndi akatswiri, aliyense manja kumbuyo, khosi m'injini. Wina akuti ndi fyuzi. Wina akuti petulo wake ndi wa m'zigubu. Wina, amene sanagwirepo chiwongolero, watola kale mwala ndipo akukhoma mitu ya batire. Chodabwitsa n'chakuti nthawi zina wamwalayo ndiye amapambana, chifukwa ufa woyera kapena wobiriwira umene umamera pamituyo umatchinga moto, ndipo kugwedeza kumagwirizanitsanso zitsulo. Madzi otentha a soda ndi sipanala yomangira bwino zikanachita mwaulemu, koma mwala uli ndi mboni zambiri. Chimodzimodzi wogogoda sitata ndi sipanala: mabulashi ake akatha, kugogoda kumawakhudzitsa kamodzi kena, ndipo wogogodayo amachoka pamalopo akuyenda ngati injiniya.

Mwini galimoto nayenso amatuluka wophunzira. Munthu amene ankangodziwa pothira mafuta amayamba kunena molimba mtima kuti batire lodzaza limaonetsa 12.6 pa mita, kuti injini ikamalira liyenera kufika cha m'ma 14, ndipo likapanda kutero wolakwa ndi alternator, osati batire limene anagula dzana. Amadziwa kuti kutentha kwa ku Chikwawa kumadya batire pang'onopang'ono, koma chimene chimaulula kufooka kwake ndi kuzizira kwa June ku Dedza kapena ku Mzuzu. Amaphunziranso kuti kanyali ka m'kati kamene mwana anasiya koyaka usiku wonse kangathe kugwetsa munthu wa tayi. Maphunziro onsewa alibe fizi, kupatula ya makanika, amenenso ali ndi ana ofuna kudya. Kukanakhala kuti magalimoto onse amalira m'mawa uliwonse, ku Biwi ndi ku Ndirande moto sukanayaka m'makhitchini ambiri.

Zabwino zina n'zachidziwikire. Galimoto yokana kulira sinagundepo munthu, sinalipitsidwepo pa rodibuloko, ndipo nthawi imene mafuta asowa siigona pamzere. Ku ofesi ndi mboni yodalirika kuposa maliro a agogo amene anamwalira kale kawiri: mungoonetsa manja a girisi, bwana amangogwedeza mutu, poti naye yake inamuchitapo zomwezo.

Choncho ikadzakana kulira, musaitukwane ndipo azakhali asiyeni apume. Zimitsani wailesi, potozani kiyi, mumve chimene ikunena. Koma musanaimbire makanika, yang'anani kaye ngati giya ili pa P, chifukwa otomatiki siilira ili pa D, ndipo iye akabwera n'kuisuntha ndi chala chimodzi anthu akuona, ya transipoti mulipirabe.