Khoma Likagwa, Mlandu ndi wa Napolo

Kuno ku Phalombe chaka chili ndi nyengo ziwiri: yomanga ndi yomanganso. Yoyamba imafika nandolo ndi mpendadzuwa zikagulitsidwa, ndalama ikadali yotentha m'thumba. Yachiwiri imafika mu Januwale, pamene mabeseni ndi mapoto onse amasamuka kukhitchini n'kukagona kuchipinda, lililonse pansi pa bowo lakelake la malata.

Zonse zimayambira kwa amisiri. Pa Migowi, pa Chiringa, ngakhale paboma penipeni, aliyense amene ali ndi chingwe, tepi ndi pensulo pakhutu ndi mmisiri. Mukawafunsa kumene anaphunzira ntchito, amakulozerani nyumba ya penti wobiriwira kutsidya kwa msewu. "Ija ndinamanga ndine." Musalimbane n'zokaiona kuseri, kuli mitengo itatu yochirikiza khoma.

"Maziko tikumbe akuya bwanji, amisiri?"

"Olekeza m'bondo basi, bwana. Kupitirira apo ndiye tikukumba manda."

"Nanga pepala lakuda lija amayala pa fandeshoni kuti chinyezi chisakwere?"

"Zimenezo n'za ku Blantyre, bwana. Dothi la kuno ndimalidziwa."

Abwana amamwetulira, chifukwa yankho limeneli ndi lomwe amalifuna. Ndalama ya pepala ipita ku geti ya chitsulo, poti odutsa mumsewu amaona geti, saona maziko.

Komatu dothi limene amisiri akuti amalidziwalo, m'madera ambiri a chigwa chino ndi makande. Mvula ikagwa amafufuma, dzuwa la Okutobala likawomba amafota n'kung'aluka mpaka mwanapiye kugweramo. Nyumba ya maziko osaya imakwera ndi kutsika nalo dothilo chaka ndi chaka, ndipo mng'alu umayambira pakona pa zenera n'kutsetsereka mpaka pansi. Pamwamba pa izo, madzi ochokera m'mapiri a Michesi ndi Mulanje amayenera kudutsa m'chigwachi popita ku Nyanja ya Chilwa. Phalombe anapatuka ku Mulanje n'kukhala boma palokha mu 1998, koma madziwo palibe anawauza. Amabwerabe osagogoda.

Nkhani ya simenti ndiye ina. Thumba la makilogalamu 50 likafika m'manja mwa amisiri, limakhala ndi ntchito ziwiri. Theka limawazidwa pa mawilibala khumi ndi awiri a mchenga ngati mchere wa m'ndiwo, theka linalo limakwera kabaza dzuwa likamalowa. N'chifukwa chake khonde la kunyumba kwa amisiri limanyezimira, pamene pulasitala wa kwanu amayoyoka mwana akangotsamirapo. Mu 2018 boma linaletsa njerwa zootcha pa zomangamanga za boma ndi za malonda pofuna kupulumutsa mitengo, ndipo ambiri anatembenukira ku mabuloko a simenti. Amisiri athu sanatsalire. Akuumba mabuloko amene simenti yake ili m'dzina mokha.

Mvula ikayamba, mpamene mumaona chikondi cha pa chineba. Aliyense amathira dothi pabwalo pake kuti pakwere, n'kukumba kangalande kolunjika kumpanda wa mnzake. Mnzakeyo akaona, sanena kanthu masana. Amadzuka usiku ndi khasu, n'kutseka, n'kulozetsa madziwo kwa wachitatu. M'mawa ulemu uli pomwepo.

"Mwadzuka bwanji, aneba?"

"Tadzuka, kaya inu. Kungoti madzi anu anagona kwathu."

"Anga? Mwawaona atalembedwa dzina langa?"

"Ayi, kungoti anabwera ndi patapata wa mwana wanu."

Ngalande yaikulu ya m'mbali mwa msewu ilibe mwini. Aliyense amati ndi ya boma, choncho ndi yoyenera kulandira majumbo, mabotolo, makoko a nzimbe ndi matewera a ana a mudzi wonse. Wina anamangapo kale benchi ya tomato, wina anaikwirira kuti galimoto yake izilowa bwino. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Akapeza khwawa lawo mwamangapo okala, amalowa m'okalamo, n'kutuluka ndi shuga.

Amene amamva kuwawa kwenikweni ndi alendi. Amapita kwa eni nyumba atapinda manja.

"Alandilodi, khoma la kuchipinda lang'aluka. Usiku tikumaona nyenyezi tili pabedi."

"Kodi simukumalitsamira?"

"Ayi ndithu. Komanso pansi pakutuluka madzi."

"Ndiye mukudandaula? Anzanu akukatunga kumjigo."

Pakatha milungu, alandilodi amabwera ndi mmisiri, ndipo ndi yemwe uja wa pensulo pakhutu. Amayang'ana mng'aluwo, kulowetsamo chala, n'kupukusa mutu mwachisoni.

"Koma anthu ena alibe umunthu. Anamanga ndani zimenezi?"

"Ndinu, amisiri."

"Oho. Ndiye kuti chaka chimenecho mchenga unali wina."

Amamatapo kasimenti, n'kupakapo laimu, n'kulandira yake. Mwezi wotsatira lendi yakwera, chifukwa nyumba yakonzedwa. Chaka chamawa mng'alu umabwerera pamalo pomwepo, utatenganso mng'ono wake.

Tsono khoma likagwa, wolakwa amapezeka msanga: Napolo. Pamenepa tisaseke kaye. Mu Malichi 1991, madzi, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Michesi n'kupha anthu mazanamazana. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy anakokolola midzi, ndipo anthu a ku Nkhulambe ndi madera ena sanaiwale. Amenewo anali masoka enieni, oti ngakhale nyumba yomangidwa bwino sikanalimba. Chochititsa manyazi n'chakuti ife tabisala kuseri kwa maliro amenewo. Chimbudzi chokumbidwa m'njira ya madzi chikatitimira, akuti Napolo wadutsa. Mpanda womangira matope ukagwa ndi mvula yowaza ya Lachiwiri masana, akuti ndi Freddy, ngakhale mpandawo unamangidwa Freddy atapita kale. Ena amati ndi nsanje ya achibale. Napolo ndi wabwino kumunamizira, poti sabwera kubwalo la amfumu kudzadziyankhira.

Amfumu akaitanitsa msonkhano wa ngalande, anthu amabwera ndithu. Amawomba m'manja, wina n'kuimirira kunena kuti mutu umodzi susenza denga. Amagwirizana kuti Loweruka aliyense abwere ndi khasu ndi fosholo. Loweruka likafika, wina wadzuka ndi msana, wina wapita kumsika, wina watuma mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi atanyamula kakhasu kopanda mpini.

M'dera lililonse simulephera kukhala bambo mmodzi wosiyana ndi anzake. Iyeyu anakumba maziko akuya, anayala pepala lakuda, anakhala pampando n'kumawerenga yekha matumba a simenti mpaka amisiri anamutcha wankhanza. Denga analitulutsa kuti madzi azigwera kutali ndi khoma, ndipo mwezi wa Novembala uliwonse amalambula ngalande yake mpaka kumsewu. Nyumba yake ilibe mng'alu ngakhale umodzi. Anthu anakhala pansi, n'kuiganizira nkhaniyi mofatsa, n'kupeza yankho: mkuluyu ndi wokhwima.

Ena amamuzembera madzulo.

"Achimwene, tiuzeniko, ife ndi inu ndi amodzi. Munapita kwa sing'anga wa kuti? Ku Mozambique?"

"Ayi. Ndi khasu basi, ndi simenti yokwanira."

Amatsanzika mwaulemu, n'kutuluka pageti akukodolana.

"Wamva? Akubisa."